Lubani, Chikalata ndi Khadi la Chipani: Akhristu Pamaso pa Owatsutsa

Anthu ambiri akamva za kuzunzidwa kwa Akhristu amaganiza za zilombo zolusa za m'mabwalo a masewero a ku Roma, ndipo amaona ngati olamulira a nthawi imeneyo ankafuna kuzula chikhulupiriro m'mitima ya anthu. Zolembedwa zakale zimene zidakalipo zimaonetsa zosiyanako, chifukwa kawirikawiri wolamulira sankasamala kwenikweni zimene munthu ankakhulupirira mumtima mwake, malinga ngati munthuyo wachita pamaso pa anthu kanthu kakang'ono kosonyeza kugonjera, monga kuwaza lubani pamoto, kuponda chithunzi kapena kugula khadi. Kuchepa kwa chinthu chofunidwacho n'kumene kunkaumitsa nkhaniyi, popeza achibale, oweruza ngakhalenso Akhristu ena ankalephera kumvetsa chifukwa chimene munthu angatayire moyo wake pa chinthu chochitika m'kanthawi kochepa chotero. N'chifukwa chake mafunso amene akhala akuvutitsa mpingo kwambiri m'mbiri yake akhala okhudza Akhristu eni ake kuposa owazunza: ngati kuthawa n'kololedwa, ngati wogonja angabwererenso mumpingo, ndiponso mmene mpingo uyenera kuchitira ndi owutsutsa mphamvu zikakhala m'manja mwake.

Maganizo a Akhristu pa nkhaniyi anachokera pa imfa ya Yesu mwini wake, amene anaphedwa ndi boma la Aroma mwa njira imene inkagwiritsidwa ntchito pa akapolo ndi oukira boma, kotero kuti otsatira ake sankaona kudedwa ngati chodabwitsa kapena ngati chizindikiro chakuti Mulungu wawataya. Komabe Chipangano Chatsopano sichipereka lamulo limodzi lokha la zoyenera kuchita. Mu Uthenga wa Mateyu ophunzira akuuzidwa kuti azikonda adani awo ndi kupempherera owazunza, koma m'buku lomwelo akuloledwanso kuthawira kumudzi wina akazunzidwa m'mudzi umodzi. M'buku la Machitidwe, Petro akuuza bwalo la akuluakulu a Ayuda kuti lamulo la Mulungu limaposa la anthu, pomwe Paulo, polembera Aroma, akulangiza okhulupirira kuti azimvera olamulira ndi kukhoma msonkho, ndipo Paulo yemweyo atamangidwa anagwiritsa ntchito ufulu wake monga nzika ya Roma napempha kuti mlandu wake ukamvedwe ndi Kaisara. Kalata yoyamba ya Petro imawonjezera chenjezo limene limaiwalika msanga, lakuti kuvutika chifukwa cha kuba, kupha kapena kulowerera nkhani za eni sikufanana ndi kuvutika chifukwa cha Khristu. Mbadwo uliwonse wakhala ukusankha lokha langizo limene likuyenera nthawi yake, ndipo mikangano yambiri ya mumpingo yabadwa pa kusankhako.

Chizunzo choyamba chochitidwa ndi boma la Roma chimene mbiri imachikumbukira bwino ndi cha m'chaka cha 64, pamene mfumu Nero inakankhira Akhristu mlandu wa moto umene unapsereza mbali yaikulu ya mzinda wa Roma. Chizunzochi chinali cha mumzinda umodzi, ndipo kwa zaka pafupifupi 200 zotsatira mazunzo ankangobuka apo ndi apo, malinga ndi mkwiyo wa anthu a m'deralo ndi mtima wa bwanamkubwa wake. Umboni womveka bwino wa mmene milanduyi inkayendera uli m'kalata imene Pliny, bwanamkubwa wa chigawo cha Bithynia, chomwe lero chili m'dziko la Turkey, analembera mfumu Trajan cha m'ma 112. Pliny ankafunsa woimbidwa mlandu katatu ngati anali Mkhristu, ndipo woumirira ankaphedwa, kupatula nzika za Roma zimene ankazitumiza kulikulu. Wokana ankayesedwa pomuuza kuti apembedze milungu, apereke lubani ndi vinyo patsogolo pa fano la mfumu ndi kutukwana Khristu, kenako n'kumasulidwa. Atafufuza, mpaka kuzunza akazi awiri akapolo amene ankatumikira mumpingo, bwanamkubwayo sanapeze upandu wina uliwonse, komabe ankaona kuti liuma lokhalo linali lokwanira kuti munthu alangidwe. Ananenanso kuti asanachitepo kanthu akachisi anali atatsala pang'ono kusiyidwa ndipo nyama yansembe inkasowa ogula, zomwe zikusonyeza kuti kuseri kwa mkangano wa chipembedzo kunalinso nkhani ya malonda. Trajan anayankha kuti Akhristu asamachite kusakidwa, makalata owaneneza opanda dzina la wolemba asamalandiridwe, koma wonenezedwa poyera amene wakana kupereka nsembe alangidwe.

Kuti munthu amvetse nkhanza zimenezi ayenera kuona nkhaniyi ndi maso a Mroma wamba, amene kwa iye kupembedza unali udindo wa nzika, chifukwa mtendere wa mzinda, zokolola ndi kupambana pankhondo zinkaganiziridwa kuti zimadalira ulemu umene milungu yalandira. Wokana nsembe ankaoneka ngati woika anthu onse pachiswe, mofanana ndi mmene m'midzi yakale ankaonera munthu woswa mwambo pa nthawi ya nsembe yopempha mvula. Tertullian, mlembi wa ku Carthage m'dziko limene lero ndi Tunisia, anadandaula m'chaka cha 197 kuti mtsinje wa Tiber ukasefukira, kapena wa Nile ukalephera kusefukira, kaya kukagwa njala kapena mliri, anthu ankathamangira kuloza chala Akhristu. Ankawanena kuti ndi anthu osapembedza, popeza analibe kachisi kapena fano. Ankawanamizira kuti amadya nyama ya munthu, chifukwa chomva mopotoka za Mgonero wa Ambuye. Ankawanenanso za chigololo cha pachibale, chifukwa chakuti ankaitanana kuti abale ndi alongo.

Yankho la Akhristu ophunzira linali kulemba. Kunabuka alembi amene ntchito yawo inali kufotokoza ndi kuteteza chikhulupiriro pamaso pa boma ndi pamaso pa anthu a sukulu, ndipo mmodzi wa iwo, Justin, analembera mfumu Antoninus Pius cha m'ma 155, kufotokoza mwatsatanetsatane zimene zinkachitika pa mapemphero a Lamulungu, ndi kupempha kuti Mkhristu aziweruzidwa chifukwa cha zochita zake osati chifukwa cha dzina lokha. Justin anaphedwa ku Roma cha m'ma 165, zomwe zikusonyeza kuti mfundo zomveka sizipulumutsa mwini wake nthawi zonse. Chitsutso china chinali cha nzeru osati cha lupanga. Katswiri wina wa filosofi dzina lake Celsus analemba buku lonyoza Chikhristu cha m'ma 178, ndipo Origen wa ku Alexandria, poliyankha patapita zaka pafupifupi 70, anakopera mfundo za mdani wakeyo mokhulupirika ndiponso motalika kwambiri, mwakuti zambiri zimene zikudziwika lero za buku la Celsus zinapulumuka kudzera mwa iye. Olalikira a masiku ano amene amayankha owatsutsa asanamve n'komwe zimene anena ali kutali ndi khalidwe limeneli.

Kumpoto kwa Africa n'kumene kunachokera nkhani zina zakale kwambiri za ofera chikhulupiriro, anthu amene Akatolika amawatcha amaritiri. Pa 17 July 180 Akhristu 12 a m'tauni ya Scillium anaweruzidwa ku Carthage, ndipo mneneri wawo Speratus anauza bwanamkubwa Saturninus kuti iwo sanabe ndipo amakhoma msonkho, koma sangalumbire pa mzimu wa mfumu. Atapatsidwa masiku 30 kuti aganizirenso, anakana, ndipo anadulidwa mitu. M'chaka cha 203 mumzinda womwewo munaphedwa Perpetua, mayi woyamwitsa wa zaka pafupifupi 22 wochokera m'banja lolemekezeka, pamodzi ndi Felicitas, kapolo amene anaberekera m'ndende. Chimene chimakhudza mtima m'nkhani ya Perpetua ndi chakuti womutsutsa wake wamkulu sanali woweruza koma bambo ake, amene anabwera kangapo kudzamuchonderera kuti achitire chisoni imvi zawo ndi khanda lake. Chitsutso chochokera kwa munthu wokukonda chimalemera kuposa chochokera kwa mdani, ndipo ndi chimene Akhristu ambiri otembenuka mtima, kulikonse kumene ali, amakumana nacho poyamba.

Ulemu umene ofera chikhulupiriro ankalandira unabala vuto lake, chifukwa ena anayamba kudzipereka okha kwa oweruza pofuna imfa. Atsogoleri ambiri sanagwirizane nazo. Nkhani ya imfa ya Polycarp, bishopu wokalamba wa ku Smyrna amene anaphedwa chapakati pa zaka za m'ma 100, imanena kuti iye anayamba wabisala kumunda mpaka asilikali atamupeza, ndipo imamusiyanitsa ndi munthu wina dzina lake Quintus amene anadzipereka yekha, koma ataona zilombo anachita mantha napereka nsembe. Clement wa ku Alexandria anafika ponena kuti wodziponya dala m'manja mwa ozunza akugawana nawo mlandu wa imfa yake. Tertullian, atakalamba n'kukhwimitsa maganizo, anatsutsa kuthawa kwa mtundu uliwonse, koma maganizo akewo sanapambane.

Zinthu zinasinthiratu m'chaka cha 250. Mfumu Decius, imene inalowa ufumu mu 249 pa nthawi imene malire a ufumuwo ankaopsezedwa ndi adani, inalamula kuti aliyense wokhala mu ufumu wa Roma apereke nsembe kwa milungu pamaso pa akuluakulu osankhidwa, alawe nyama yansembeyo, ndipo alandire chikalata chosainidwa chotsimikizira kuti wachita zimenezi. Chikalatachi chinkatchedwa libellus, ndipo zoposa 40 zolembedwa pa gumbwa zapezeka ku Egypt, zili ndi dzina la mwini wake, tsiku ndi masaini a mboni za boma. Akatswiri ambiri a mbiri amaona kuti cholinga cha Decius chinali kugwirizanitsa ufumu wonse pa kupembedza kumodzi, osati kwenikweni kusaka Akhristu, koma zotsatira zake pa mpingo zinali zoopsa kuposa za mazunzo onse am'mbuyo, chifukwa kwa nthawi yoyamba Mkhristu aliyense, osati wonenezedwa yekha, anayenera kusankha. Fabian, bishopu wa ku Roma, anafa mu January 250, ndipo Origen anamangidwa ndi kuzunzidwa. Koma olimba mtima chotere anali ochepa. Cyprian, bishopu wa ku Carthage, analemba mwachisoni kuti ambiri anathamangira okha kukapereka nsembe asanaitanidwe n'komwe, mwakuti kunja kukada akuluakulu a boma ankachita kuwabweza kuti abwerenso mawa. Ena anapeza njira yapakati, yopereka chiphuphu kwa akuluakuluwo kuti alandire chikalata popanda kuyandikira guwa la nsembe. Ena anathawa, ndipo mmodzi wa othawawo anali Cyprian yemweyo, amene anatsogolera mpingo wake kudzera m'makalata ali kobisala, chinthu chimene adani ake sanaleke kumukumbutsa.

Decius anafera kunkhondo mu 251, chizunzo chinazirala, ndipo khamu la ogonja linabwerera pakhomo la tchalitchi kupempha kulandiridwanso. Apa mpingo unagawanika. Akhristu amene anapirira m'ndende n'kutuluka amoyo ankalemekezedwa kwambiri, ndipo ena mwa iwo anayamba kulemba timakalata ta chikhululukiro topereka kwa aliyense wopempha, nthawi zina tolembedwa kuti wakutiwakuti alandiridwe pamodzi ndi anthu ake, popanda kutchula kuti anthu akewo ndi angati. Kumbali inayo kunali Novatian, wansembe wophunzira wa ku Roma, amene ankaphunzitsa kuti mpingo ulibe mphamvu yokhululukira munthu wokana Khristu, ndipo anadzipatula n'kuyambitsa mpingo wakewake umene unakhalapo kwa zaka mazana angapo. Cyprian ndi mabishopu anzake, pa msonkhano wa ku Carthage wa mu 251, anasankha kuunika mlandu uliwonse paokha: ogula zikalata anayenera kulandiridwanso atalapa, pomwe opereka nsembe anayenera kukhala olapa kwa nthawi yaitali ndi kulandiridwa pokhapokha imfa ikayandikira. Posakhalitsa, poopa kuti chizunzo china chili pafupi, anafewetsanso lamulolo, poganiza kuti sikoyenera kutumiza munthu ku mayesero atsopano atamanidwa Mgonero. Chigamulo chimenechi chinakhazikitsa mfundo imene mipingo yambiri yatsatira mpaka lero, yakuti mpingo ndi wa ofooka omwe, osati wa ngwazi zokha, ndipo mfundoyi ili ndi maziko olimba popeza Petro, mtsogoleri wa atumwi, anakana Yesu katatu n'kubwezeretsedwa. Cyprian sanathawenso pamene mfumu Valerian inayambitsa chizunzo china; anadulidwa mutu ku Carthage pa 14 September 258.

Funso lomwelo linabwereranso ndi ukali woposa pambuyo pa chizunzo chachikulu chimene mfumu Diocletian inayambitsa mu February 303, pamene matchalitchi anagwetsedwa ndipo atsogoleri analamulidwa kupereka mabuku opatulika kuti atenthedwe. Ena anapereka, ena anapusitsa asilikali powapatsa mabuku ena, ena anakana n'kuphedwa. Mtendere utabwera kudzera mu lamulo la mfumu Galerius la mu 311 ndi mgwirizano wa mafumu Constantine ndi Licinius wa ku Milan mu 313, Akhristu ambiri a kumpoto kwa Africa anakana kuvomereza Caecilian monga bishopu wa ku Carthage, ponena kuti mmodzi wa omudzoza anali wopereka mabuku, ndipo dzanja lodetsedwa silingapereke chinthu choyera. Gulu limeneli, limene linadzatchedwa ndi dzina la mtsogoleri wake Donatus, linadzitenga ngati mpingo weniweni wa ofera chikhulupiriro, ndipo kwa zaka zoposa 100 matauni ambiri a m'chigawocho anali ndi mabishopu awiri opikisana.

Chodetsa nkhawa m'nkhani ya otsatira a Donatus ndi kufulumira kumene ozunzidwa anasandukira ozunza. Pasanathe zaka 10 chilandirireni ufulu, boma la mfumu yokonda Chikhristu linali litayamba kale kulanda matchalitchi a Akhristu ena. Mu 380 mfumu Theodosius inakhazikitsa chiphunzitso chimodzi cha Chikhristu monga chovomerezeka ndi boma, ndipo cha m'ma 391 nsembe za milungu yakale zinaletsedwa. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, yemwe poyamba ankakhulupirira kuti munthu ayenera kukopedwa ndi mfundo zokha, anasintha maganizo navomereza kuti boma lingagwiritse ntchito zindapusa ndi zilango pobweza opatuka, ndipo anatsamira pa fanizo la phwando la mu Uthenga wa Luka, m'mene wantchito akutumidwa kukaumiriza anthu kulowa m'nyumba. Pambuyo pa msonkhano wa ku Carthage wa mu 411, umene unasonkhanitsa mabishopu oposa 500 a mbali ziwirizi, mpingo wa Donatus unaletsedwa. Augustine ankatsutsa chilango cha imfa pa anthuwa, koma mfundo yake inadzagwiritsidwa ntchito ndi ena amene analibe malire oterowo. M'zaka za m'ma 1500 ku Ulaya Akatolika ndi Apulotesitanti anaphana, ndipo onse awiri anazunza Akhristu okana ubatizo wa makanda, monga Felix Manz amene anamizidwa mumtsinje ku Zurich mu 1527 molamulidwa ndi akuluakulu a mzinda wa Chipulotesitanti. Mbali yaikulu ya magazi a Akhristu amene akhetsedwa chifukwa cha chikhulupiriro yakhetsedwa ndi Akhristu anzawo, ndipo mbiri iliyonse imene imabisa zimenezi ndi yoperewera.

Ku Japan mayeso a mtundu wa Decius anakhalitsa kuposa kwina kulikonse. Chikhristu chitaletsedwa mu 1614, anthu a m'dera la Nagasaki ankaitanidwa kuti aponde chithunzi cha Yesu kapena cha Maria pamaso pa akuluakulu a boma, m'madera ena chaka chilichonse. Mabanja ambiri ankaponda, kenako n'kukanena pemphero la kulapa kunyumba, ndipo mwa njira imeneyi anasunga ubatizo ndi mapemphero awo kwa mibadwo ingapo opanda wansembe, mpaka ena mwa iwo anadziulula kwa wansembe wa ku France ku Nagasaki mu 1865. Novatian akanawatcha ampatuko, komabe ndi iwo amene anasunga Chikhristu m'dzikolo mpaka chiletsocho chinachotsedwa mu 1873.

Ku Buganda, m'dziko la Uganda, nkhani inali yokhudzanso kugonjera mfumu. Kabaka (mfumu) Mwanga II, amene ankaopa, ndipo anali ndi zifukwa zomveka, kuti amishonale akutsegulira njira maulamuliro achilendo, analamula kuti bishopu wa Anglican James Hannington aphedwe mu October 1885, ndipo Joseph Mukasa Balikuddembe, nduna ya Chikatolika imene inamudzudzula pa imfayo, inaphedwa mwezi wotsatira. Anyamata a m'nyumba ya mfumu amene anaphunzira Chikhristu ankakananso zofuna za mfumu za kugonana, chinthu chimene m'bwalo lachifumu chinkaoneka ngati kugalukira. Pa 3 June 1886 gulu lalikulu, motsogozedwa ndi Charles Lwanga, linatenthedwa ku Namugongo, ndipo wamng'ono kwambiri, Kizito, anali wa zaka pafupifupi 14. Onse amene amakumbukiridwa ndi Akatolika 22 ndi a Anglican 23, anthu a mipingo iwiri imene amishonale ake ankapikisana koopsa. Papa Paul VI analengeza Akatolikawo kukhala oyera mu 1964, ndipo mayina a Kizito ndi Lwanga ndi odziwika pa matchalitchi ndi sukulu m'Malawi ndi m'Zambia.

Malawi ali ndi mbiri yakeyake ya chikalata chosonyeza kugonjera. M'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, khadi la Malawi Congress Party linkafunsidwa pamsika, pokwera basi ngakhale pachipatala, ndipo ayufi ndi apayoniya ndi amene ankaonetsetsa kuti aliyense ali nalo. A Mboni za Yehova, amene chiphunzitso chawo chimawaletsa kulowa chipani chilichonse cha ndale, anakana kugula makhadiwo ngakhale kuti msonkho wa boma ankakhoma, yankho lofanana kwambiri ndi la Speratus wa ku Scillium. Chipembedzo chawo chinaletsedwa mu October 1967, ndipo mu 1972 msonkhano waukulu wa chipani unagamula kuti achotsedwe ntchito ndi kuthamangitsidwa m'midzi. Nyumba zinatenthedwa, anthu anamenyedwa, amayi anagwiriridwa ndipo ena anaphedwa; zikwi zambiri zinathawira ku msasa wa Sinda Misale kum'mawa kwa Zambia, kumene ambiri, makamaka ana, anafa ndi matenda, ndipo ena anathawira ku Mozambique, komwe anabwezedwako mu 1975. Ambiri anatsekeredwa ku Dzaleka m'boma la Dowa, malo amene kuyambira mu 1994 akhala msasa wa othawa kwawo ochokera m'mayiko ena. Chiletsocho chinachotsedwa pa 12 August 1993.

Pa zaka zonsezo mipingo ikuluikulu sinalankhule mokweza za anthuwa. Mantha anali chifukwa chimodzi, ndipo anali mantha enieni. Chifukwa china chinali chakuti Akhristu ambiri ankaona a Mboni ngati ampatuko amene akudziputira okha mavuto pokana kanthu kotsika mtengo. Kusiyana pa chiphunzitso kungakhale kwakukulu motani, sikukanayenera kusanduka chilolezo chongoonerera nyumba ya mnansi ikupsa. Pamene mpingo waukulu unalankhula, unalawa mkwiyo womwewo. Pa 8 March 1992 kalata ya m'nyengo ya Lenti ya maepiskopi a Chikatolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, yodzudzula malipiro ochepa, kusalingana pa maphunziro ndi chithandizo cha mankhwala, kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu ndi kusowa kwa ufulu wolankhula. Boma linalengeza kuti kalatayo ndi youkira ndipo kupezeka nayo ndi mlandu, maepiskopi, kuphatikizapo Arkiepiskopi James Chiona wa ku Blantyre, anafunsidwa mafunso ndi apolisi, pa msonkhano wa chipani ena analankhula za kuwapha, makina osindikizira a Montfort ku Balaka anatenthedwa, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anapitikitsidwa m'dziko. Maepiskopiwo sanathawe ndipo sanabweze mawu awo, koma sanaitanenso anthu kuti achite ziwawa. M'miyezi yotsatira mipingo ina, Asilamu, maloya ndi amalonda anagwirizana m'bungwe la Public Affairs Committee, limene linakambirana ndi boma mpaka riferendamu ya pa 14 June 1993. Kusiyana kwa nkhani ziwirizi n'koonekeratu: maepiskopi anali ndi anthu mamiliyoni kumbuyo kwawo ndi maso a mayiko akunja, pomwe a Mboni anapirira zaka 26 pafupifupi okha.

Kuphedwa chifukwa cha chikhulupiriro sikunathe padziko lapansi. Mu February 2015 amuna 21, pafupifupi onse Akhristu a mpingo wa Coptic wa ku Egypt, anadulidwa mitu m'mphepete mwa nyanja ku Libya, ndipo mu April chaka chomwecho zigawenga zinapha anthu 148 pa yunivesite ya Garissa ku Kenya, zikusankha makamaka ophunzira Achikhristu. Kumpoto kwa Mozambique, kumene zigawenga zakhala zikuvutitsa chigawo cha Cabo Delgado kuyambira mu 2017, matchalitchi atenthedwa, ngakhale kuti ambiri mwa ophedwa ndi othawa kumeneko ndi Asilamu. Zoterezi ziyenera kutchulidwa ndi dzina lake lenileni, ndipo n'chifukwa chake dzinalo siliyenera kumwazidwa pa chilichonse. Kufunsidwa ndi mtolankhani za kayendetsedwe ka chopereka, kudzudzulidwa chifukwa cha phokoso la zimkuzamawu usiku, kapena kuitanidwa kukhoti pa mlandu wa chinyengo si chizunzo, ndipo m'busa wodzitcha wozunzidwa pa zifukwa zoterozo akuchepetsa anthu a ku Garissa ndi a ku Dzaleka.

M'Malawi wa lero Akhristu ndiwo ochuluka, pafupifupi 77 mwa anthu 100 aliwonse malinga ndi kalembera wa mu 2018, pomwe Asilamu ndi pafupifupi 14, ndipo ndime 33 ya malamulo oyendetsera dziko imateteza ufulu wa chikumbumtima ndi wa chipembedzo kwa aliyense. Pa chifukwa chimenechi funso limene likuyang'anizana ndi mipingo kuno likufanana kwambiri ndi la Augustine kuposa la Perpetua. Mu 2019 kunabuka mkangano m'boma la Balaka pa nkhani ya atsikana Achisilamu ovala hijabu m'sukulu za mpingo, ndipo zinatenga zokambirana zotsogozedwa ndi Public Affairs Committee kuti mbali ziwirizi zisainirane mgwirizano mu 2021. Mu May 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamula kuti ana a chipembedzo cha Rastafari aziloledwa kuphunzira m'sukulu za boma osameta tsitsi lawo. Pa nkhani ziwiri zonsezi odandaula sanali Akhristu, ndipo ufulu umene ankaupempha ndi womwewo umene mipingo ya Chikhristu inathandiza kuumenyera mu 1992 ndi 1993.